Amakaniko a Kunsi kwa Khwekhwelere

Tauni ya Dedza ili pamalo okwera pafupifupi mamita 1,600, pamene nyanja ya Malawi ili pa mamita osafika 500. Pakati pa malo awiriwa pali chiphedi chachitali, ndipo Mua Mishoni inamangidwa patsinde pake penipeni, pomwe mitsinje yochokera kumapiri imayamba kufatsa n'kutula mchenga ndi matope zimene yanyamula. Wofuna kufika m'midzi ya kwa Kachindamoto, kuyambira ku Golomoti mpaka ku Mtakataka, amakumana ndi miyala yakuthwa m'mitsetse, mchenga wofewa m'makwawa, ndi dothi lakuda la makande m'chigwa cha Bwanje, zonsezi pa ulendo umodzi. Ambiri amakhulupirira kuti dera lotereli linagonja chifukwa cha magalimoto amphamvu ochokera kunja, Land Rover poyamba, kenako Land Cruiser. Koma tikatsata bwino mbiri yake, palibe galimoto imene inafika kuno ili yokonzeka kale. Iliyonse inayenera kusinthidwa, kumangidwanso ndi kukonzedwa kambirimbiri, ndipo imene inakhalitsa ndi imene munthu wa masipanala ochepa akanatha kuidzutsa pamalo pomwe yafera, ngakhale inali yochepa mphamvu poyerekeza ndi zinzake. M'dera lino, kulimba kwa galimoto ya m'tchire kwakhala kuli m'manja mwa makaniko.

Ntchito imene magalimotowa anadzagwira inalipo kale iwo asanabwere, kungoti inkagwiridwa ndi makosi a anthu. Ansembe a chipani cha Abambo Oyera atafika pa Mua mu September 1902 n'kumanga m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipokwe, chilichonse chosapezeka pamalopo, kaya nsalu, mankhwala kapena zitsulo, chinkabwera pamutu pa amtengatenga, ndipo mzungu wodwala kapena wotopa ankanyamulidwa pa machira. Mishoni ya Mtakataka itatsegulidwa mu 1908, ndi ya Bembeke pamwamba pa mapiri mu 1910, kukwera ndi kutsika chiphedi kunasanduka ntchito ya masiku onse. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, boma la atsamunda linatenga amuna pafupifupi 200,000 m'Nyasaland kukasenza katundu wa asilikali, ndipo ochuluka ndithu anafera m'njira. Zimenezi zinakhazikitsa muyeso umene galimoto inadzayesedwa nawo. Za liwiro anthu analibe nazo ntchito kwenikweni; ankafunsa kuti imasenza matumba angati, nanga ikafika kodi kumene munthu wapansi amafika. Njanji yochokera ku Blantyre kupita ku Salima, imene inatha mu 1935, inadutsa pa Golomoti ndi pa Mtakataka n'kupeputsa ulendo wa kumwera ndi kumpoto, koma sitima siikhotera m'mudzi, ndiponso siikwera ku Bembeke. Thonje linkayenerabe kufika pa siteshoni, wodwala ankayenerabe kufika pa chipatala. Mtunda wovuta unatsala womwewo, wa pakati pa khomo la munthu ndi njanji.

Pa Mua kufunika kwa chokwera kunakula limodzi ndi ntchito za chipatala. Malo osamalira odwala khate anatsegulidwa mu 1927, m'masiku a bambo Jean-Baptiste Champmartin. Chaka chomwecho ku Germany wansembe Paul Schulte anayambitsa bungwe la MIVA, mnzake Otto Fuhrmann atamwalira ku dziko limene lero ndi Namibia chifukwa chosowa chomufikitsa kuchipatala msanga. Mabungwe a mtundu umenewu akhala akugulira mishoni za mu Africa njinga, njinga zamoto ndi magalimoto kwa zaka zambiri. Koma wopereka mphatso amagula galimoto, galaja sagula. Makiyi akangoperekedwa, zotsala zonse zimagwera mwini wake, amene masiku amenewo ankakhala ulendo wa tsiku lathunthu kuchokera kwa wogulitsa zipangizo. Dera la mpingo la Dedza litaima palokha mu 1956, motsogozedwa ndi Ambuye Cornelius Chitsulo, mwana wa ku Mua komweko ndiponso wansembe woyamba wa Chikatolika wobadwira m'Malawi, tchalitchi chake chachikulu chinali ku Bembeke, choncho maulendo okwera phiri anangowonjezeka. Mwayi wa mishoni unali wakuti zinali kale ndi abulazala odziwa kumanga, kupala matabwa ndi kusula zitsulo, komanso anyamata a m'midzi yozungulira amene ankaphunzira ntchitozo poyang'ana ndi pogwira. N'zosadabwitsa tsono kuti umakaniko wa m'madera ngati ano unatengera khalidwe la mmisiri wosula, lopanga chimene palibe m'malo mokhala pansi kudikira kuti chibwere.

Land Rover inaonetsedwa koyamba ku Amsterdam mu April 1948. Maurice Wilks ndi anzake a kampani ya Rover ankaganiza za mlimi wa ku Britain, ndipo thupi la galimotoyo analipanga la aluminiyamu chifukwa chitsulo chinali chosowa nkhondo itangotha. Usiwa umene inabadwiramowo ndi umene unaiyeneretsa kuno. Mbali za thupi lake zinali zathyathyathya, zomanga ndi mabawuti, zoti munthu n'kumasula imodzi, kuiwongola ndi hamala, n'kubwezera. Sefa ya mpweya inali mbale ya oyilo imene dalaivala ankatsuka ndi palafini n'kuthiramo oyilo wina, osagula kanthu ku sitolo. Batire likafa, panali chitsulo chopukusira injini kutsogolo. Madalaivala akale amakumbukira timitu tiwiri ta m'kati muja, kachikasu kodinikiza kuti matayala onse anayi akoke, ndi kofiira kokokera kumbuyo kuti giya ilemere pokwera phiri kapena potuluka m'matope. Injini ya malita 2.25, imene inabwera ndi Series II mu 1958 n'kupitirira mu Series III ya 1971, inali yaulesi pa msewu wowongoka, koma makaniko ankatha kuimvetsera ndi khutu, kuiphwasula pansi pa mtengo wa mango, n'kuimanganso. Boma, apolisi, a zaumoyo, a zaulimi ndi mishoni onse ankayendera mtundu umodzimodziwo, ndipo phindu lake linali lakuti Land Rover iliyonse yakufa inkadyetsa zipangizo inzake yamoyo.

Tisainamizire ungwiro. Inkafa kawirikawiri, ndipo inkasiya dontho la oyilo paliponse pomwe yaima. Mashafuti a kumbuyo, amene amatumiza mphamvu kuchokera mu difu kupita ku matayala, ankathyoka dalaivala akaponda moto tayala likuzungulira m'matope, kenako n'kugwira mwala mwadzidzidzi. Magetsi ake ankadana ndi madzi, ndipo chasisi, pokhala cha chitsulo cha mphako, chinkadzaza matope n'kumadyeka ndi dzimbiri m'kati, thupi likuonekabe labwinobwino. Komabe taonani kafedwe kake. Shafuti ikathyoka, dalaivala wodziwa ankasolola zidutswa zake, n'kudina kamutu kachikasu kaja, galimoto n'kufika kunyumba ikukokedwa ndi matayala akutsogolo okha. Shafuti n'njotsika mtengo poyerekeza ndi giyabokosi, choncho kuthyoka kwake kunkapulumutsa chiwalo chodula, ndipo ochenjera ankayenda ndi ina yapadera kuseri kwa mpando. Kufa kotere kumaphunzitsa. Vuto linkaoneka ndi maso, linkamveka ndi khutu, ndipo mnyamata amene wagona kunsi kwa galimoto yotere zaka zingapo ankatulukako akudziwa mmene mphamvu imayendera kuchokera mu injini mpaka pa dothi.

Kusintha kwakukulu kumene amakaniko anazolowera kunali kwa masipulingi, ndipo apa ndi pomwe cholowa cha amtengatenga chimaonekera bwino. Alendo a ku South Africa ndi ku Ulaya amene amafika pa Kungoni, malo a zaluso ndi chikhalidwe amene bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, ena amabwera ndi magalimoto okwezedwa, a tenti padenga ndi winchi kutsogolo, osinthidwa kuti ulendo wa m'tchire ukome. Kuno galimoto inkasinthidwa kuti isenze. Sipulingi ya Land Rover yakale, monganso ya kumbuyo kwa Land Cruiser ya ambulansi mpaka lero, ndi mtolo wa zitsulo zazitali zosanjikizana, zogwidwa pakati ndi bawuti imodzi n'kukanikizidwa pa ekiselo ndi mabawuti okhota. Ikatopa imagona, galimoto n'kukhala pansi kumbuyo. Makaniko amaimasula, amamenya chitsulo chilichonse ndi hamala yaikulu pa chidutswa cha njanji kapena pa limu yakale mpaka chitakhotanso, kenako amalowetsapo chitsulo chimodzi kapena ziwiri zochotsa ku lole yakufa. Galimoto yoti inyamule anthu 10 imayamba kunyamula anthuwo pamodzi ndi matumba a mpunga, malata a tchalitchi ndi mgolo wa dizilo. Koma walira mvula walira matope. Sipulingi youma siimeza mabampu, imangowapatsira ku chasisi, ndipo pa msewu wa fumbi umene wachita timizere chasisicho chimayamba kung'aluka pomwe sipulingi imakolowekedwa. Wowonjezera zitsulo ayenera tsono kudziwanso kuwotcherera zigamba, ndi kudziwa poti asawotcherere, chifukwa msoko wodutsa chopingasa pa chasisi ndi pomwe mawa padzathyokere. Bawuti ya pakati ikaduka, ekiselo imasunthira mbali imodzi, galimoto n'kumayenda cham'mbali ngati nkhanu, ndipo wodziwa amaona vuto lake isanaime n'komwe. Chitsulo chachikulu chikathyokera kutali ndi kwawo, mtengo wouma womanga ndi malegeni odula ku chubu umafikitsa galimoto pa galaja. Nzeru zonsezi sizinkabwera m'bokosi la masipanala a kampani.

Matayala ndi madzi zinaphunzitsa zina. Wokweza thupi la galimoto poganiza kuti siidzagundanso pansi amaiwala kuti chotsika kwambiri ndi mimba ya difu, ndipo imeneyo imakwera pokhapokha tayala likakula. N'chifukwa chake tayala lalitali koma lopyapyala la 7.50-16 linakhala la aliyense kwa zaka zambirimbiri. Limadula matope a pamwamba n'kukaponda polimba, limapezeka mosavuta popeza malole ang'onoang'ono amavalanso lomwelo, ndipo pokhala la chubu, pa limu yogawika, limamatidwa ndi chigamba ndi pampu ya manja pakati pa tchire. Pa makande pokha palibe tayala lanzeru. Dothilo likanyowa limamata, limadzaza mizere ya tayala mpaka kusalala, ndipo chotulutsa galimoto pamenepo ndi khasu, jeke, nthambi ndi mapewa a anthu a m'mudzi wapafupi. Mitsinje monga Livulezi, Namikokwe ndi Nadzipulu imadzaza mwadzidzidzi mvula ikagwa kumapiri, ngakhale kumunsi kuli ng'amba. Injini ya dizilo ikakoka madzi m'malo mwa mpweya imapinda zitsulo za mapisitoni nthawi yomweyo, ndiye paipi yokokera mpweya amakaniko anaikweza mpaka padenga, zimene zimathandizanso m'chilimwe popeza fumbi limachuluka pansi. Chobisika kwambiri ndi difu. Ikalowa m'madzi ozizira ili yotentha, imayamwa madziwo kudzera pa kabowo kopumira, oyilo n'kuyera, mabelingi n'kudzatha patapita milungu mwini ataiwala kale za mtsinje uja. Mankhwala ake ndi kapaipi kotchipa kotalikitsira kabowoko m'mwamba. Ndipo kumapeto kwa dzinja, udzu ukakula n'kukhwima, timbewu take timatseka rediyeta injini n'kuwira, pokhapokha kutsogolo kutamangidwa kaneti. Pa zosintha zonsezi palibe n'chimodzi chomwe chowonjezera mphamvu ya injini. Chilichonse chimaikidwa kuti galimoto imene yapita ibwereko.

Luso limeneli linakhwima kwenikweni m'zaka za usiwa. Nkhondo ya ku Mozambique itakula, njanji zopita ku Beira ndi ku Nacala zinatsekeka cha m'ma 1983 ndi 1984, ndipo katundu wa Malawi ankazungulira kudzera ku Durban kapena ku Dar es Salaam. Zipangizo za magalimoto zinadula, zina n'kusoweratu, pa nthawi yomwe maboma a Dedza ndi Ntcheu anadzaza ndi othawa nkhondo, amene m'dziko lonse anafika pafupifupi 1 miliyoni, ndipo magalimoto a zipatala ndi a mabungwe analibe tsiku lopuma. Pamene chogula palibe, gasiketi imadulidwa pa katoni yolimba, mabushi amasemedwa ku tayala lakutha, ndipo injini ya kampani ina imakhazikidwa m'galimoto ya kampani ina posula mbale yolumikizira ku giyabokosi. Magalimoto a boma otha ntchito ogulitsidwa pa okushoni, pamodzi ndi amisiri amene anaphunzira ku PVHO, bungwe la boma losamala magalimoto ndi makina, pang'onopang'ono anatsikira m'timatauni ta m'mbali mwa msewu. Mpaka lero makaniko akasowa chitsulo amadziwa kokafunsa: ku Biwi ndi ku Malangalanga mu Lilongwe, kapena ku Ndirande mu Blantyre, kumene galimoto yakufa imagulitsidwa chiwalochiwalo. Sukulu za ntchito zamanja, ndi bungwe la TEVETA limene linakhazikitsidwa mu 1999, zathandiza kupereka maphunziro ndi mapepala, koma ambiri mwa ogwira ntchitoyi analowera pa khomo lakale lija, lotsuka mabawuti m'palafini ndi kupatsira bwana sipanala.

Wina anganene kuti Toyota inathetsa nkhani yonseyi, popeza Land Cruiser inalanda malo a Land Rover chifukwa chosafaifa. Kulanda inalandadi, pofika m'ma 1990 ambulansi ya chipatala cha kumudzi inali itasanduka Land Cruiser yoyera. Koma tifunse kuti ndi Land Cruiser iti. Ija yofewa ya mabwana a ku Capital Hill ili ndi ntchito yake. Imene inatsikira kumidzi ndi ya 70 Series, imene inayamba mu 1984 ndipo ikupangidwabe, ya ekiselo zolimba kutsogolo ndi kumbuyo, ndi injini ya 1HZ ya 1990: masilinda 6, malita 4.2, yopanda turbo, ya pampu ya dizilo yosadalira kompyuta. Kumayiko olemera injiniyi inasiya kugulitsidwa chifukwa cha malamulo a utsi, koma mabungwe othandiza akhala akuiitanitsabe, ambiri kudzera ku kampani ya Toyota Gibraltar Stockholdings, imene imaikiratu machira, kaliyala ndi tayala lina lapadera galimoto isanakwere sitima ya pamadzi. Zinthu zofanana ndi zimene amakaniko a kumudzi ankapanga ndi thukuta zinasanduka zongosankha pa pepala loitanitsira. Ndipo anthu amene amawerengetsa mosamala ndalama za magalimoto mazanamazana anasankha injini yachikale, yofooka poyerekeza ndi zatsopano, pa chifukwa chomwe chija, chakuti ikhoza kukonzedwa kumene yafera. Land Rover Defender yakale, imene inayamba kudalira kompyuta ndi injini ya Td5 mu 1998, inali itayamba kale kusowa m'misewu ya kumudzi isanasiye kupangidwa mu January 2016.

Otsutsa ambiri masiku ano amayamba ndi tala. Msewu wa M5 wochokera ku Balaka kupita ku Salima umadutsa pafupi ndi Mua, wa M10 umakhotera kum'mawa kulowera ku Monkey Bay, ndipo ngakhale Khwekhwelere, msewu wokhotakhota wochokera pa Golomoti kukakumana ndi M1 pa Masasa, unathiridwa tala. Maminibasi ndi timagalimoto tating'ono amaima pa mphambano ya Mua tsiku lililonse, ndiye galimoto ya m'tchire n'njachiyaninso? Koma tala anachita zomwe njanji inachita mu 1935. Anafewetsa misewu ikuluikulu, n'kusiya mtunda wa pakati pa msewuwo ndi khomo. Sikimu ya mpunga ya Bwanje, ya mahekitala 800, imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan n'kutha cha m'ma 2000, ili pa dothi lomata lomwe lija, ndipo mpunga wake uyenera kutuluka. Mayi amene wavutika pobereka usiku wa mu February sasankha kuti nyumba yake ikhale m'mbali mwa M5. Komanso tala wa m'chigwa sakhala pamtendere. Mitengo ya m'nkhalango ya Mua-Livulezi ndi m'mapiri ozungulira ikamatha ndi makala, mitsinje imatsika ndi mchenga wochuluka, imakwirira ngalande, imasintha njira n'kudya m'mbali mwa milatho. Mlatho ukakokoloka, msewu waukulu wa dziko umasanduka njira ya m'khwawa kwa milungu kapena miyezi, ndipo yowoloka pamenepo ndi galimoto ija ya paipi ya padenga.

Pali mlandu wina wolemera kuposa wa tala, ndipo sungakanidwe wonse. Akuti amakaniko a pansi pa mtengo amaphetsa anthu. Galimoto yowonjezeredwa masipulingi imanamiza maso. Siikhala pansi ngakhale italemedwa, choncho mwini amangopakira, pomwe mabuleki, mabelingi ndi chasisi zikadali za katundu wakale. Thupi lokwezedwa ndi mtolo wa pa kaliyala zimasamutsira kulemera m'mwamba, ndipo pa makona a Khwekhwelere galimoto yotere siichedwa kugubuduzika. Mabuleki a dilamu akatentha potsetsereka amasiya kugwira, ndipo dalaivala amene sanatsike ndi giya yolemera amazindikira mochedwa. Paipi ya buleki yodontha imene wina waipinda n'kuitseka kuti galimoto ingofika, kenako n'kuiwalika choncho mwezi wathunthu, ndi mlandu ndithu, ndipo palibe angaitchule luso. Limu yogawika nayo yavulaza anthu poipopa mphete yake isanakhale bwino. Zonsezi n'zoona. Koma tikaziyang'anitsitsa, gwero lake ndi kusandutsa chigamba cha panjira kukhala chamuyaya, ndi kusintha chiwalo chimodzi osaganizira zinzake. Amisiri enieni amasiyanitsa kukonza kofikitsa galimoto kunyumba ndi kukonza koti ibwerere pa msewu, ndipo wokana kulipira kwachiwiriko nthawi zambiri ndi mwini galimoto. Lamulo la pamsewu la 1997 limafuna kuti galimoto iyezedwe n'kupatsidwa chiphaso cha COF, koma kuyeza kwa apo ndi apo, galimoto ili yopanda kanthu, sikuona mtolo umene idzasenze tsiku la msika. Kuthamangitsa makaniko wapafupi sikungathetse ngozizi, chifukwa pamalo pake sipadzabwera galaja ya kampani. Padzangotsala galimoto yoyenda osakonzedwa n'komwe.

Ena amati mbiri imeneyi ndi ya anthu ochepa, ansembe, abwanamkubwa, mabungwe ndi andale, pamene munthu wamba wa ku Mtakataka wakhala akuyenda pansi, pa njinga, pa ngolo, ndipo lero pa kabaza. Umboni ali nawo. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2008, wochitikira m'zipatala zing'onozing'ono zitatu za m'boma loyandikana la Mangochi, anapeza kuti ambulansi ya njinga yamoto inali yotchipa ka 19 pogula, ndi pafupifupi ka 24 poyendetsa pa chaka, poyerekeza ndi ambulansi ya galimoto. Ndi ndalama za Land Cruiser imodzi, midzi yambiri ikanakhala ndi chonyamulira odwala. Koma mtsutso umenewu ukugwera galimoto, luso sukulikhudza. Galimoto inali ya ochepa, manja amene anaphunzirapo anapita kwa onse. Ekiselo ya galimoto yakufa ndi imene ili kunsi kwa ngolo ya ng'ombe. Zitsulo za masipulingi othyoka zimasulidwa kukhala nkhwangwa, zikwanje ndi matchizulo. Makaniko wodziwa kutulutsa mpweya mu pampu ya dizilo ya Land Cruiser ndi yemweyo amadzutsa chigayo, pampu yothirira mbewu ndi jenereta ya chipatala. Ndipo magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito a ku Japan atayamba kusefukira kudzera ku Dar es Salaam ndi ku Durban, n'kudzaza dziko ndi ma Probox ndi ma Sienta opangidwira misewu yosalala ya kwawo, amakaniko anawachita zomwe ankachita kale: kuika zokwezera pa masipulingi, kuwaveka matayala okulirapo, ndi kuwotcherera chitsulo kunsi kwa injini kuti mwala usaboole sampu. Kagalimoto ka mumzinda kamene kamafika pa msika wa kumudzi katadzaza anthu ndi matumba kadutsa m'manja amenewa.

Chimene chingathetsedi ntchitoyi ndi galimoto yosalola kugwiridwa. Palibe angakane kuti magalimoto atsopano ndi abwino m'njira zambiri. Amamwa mafuta ochepa, utsi wake ndi wochepa, mabuleki ake amagwira, ndipo pa ngozi amateteza okwera kuposa bokosi la aluminiyamu lija. M'matope, kompyuta yogwira buleki tayala lotereka imachita m'kanthawi kochepa zimene dalaivala wakale ankaphunzira zaka. Vuto ndi lakuti ubwino wonsewu umadalira zinthu zimene chigwa chino sichingalonjeze. Injini ya dizilo ya common rail imapopa mafuta pa mphamvu yoposa mabaa 1,500 kudzera m'timabowo tosaoneka bwino ndi maso, ndipo timadzi pang'ono kapena palafini wosakaniza zimatha kuwononga mainjekita onse. Amene anaona kusowa kwa mafuta kwa 2011 ndi 2012, ndi kobwerezabwereza kuyambira 2022, akudziwa kuti nthawi zina dizilo wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu ndiye yekhayo wopezeka. Injini ya 1HZ imatsokomola n'kupitirira. Yatsopano imayatsa kanyali pa dashibodi n'kudzichepetsa mphamvu mpaka wina atabwera ndi makina owerengera kompyuta yake. Injekita yotere siikonzedwa ndi hamala, imaitanitsidwa ndi madola, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 mtengo wa chilichonse choitanitsa unakwera nawo. M'mabwalo a zipatala ndi maofesi si zachilendo kuona galimoto itagona pa miyala, utoto ukadali wowala, ikudikira kachipangizo kokwana m'thumba la malaya.

Amakaniko sanapinde manja. Achinyamata ena agula timakina tolumikiza pa galimoto n'kuwerenga vuto pa foni, amaphunzira pa YouTube ndi m'magulu a WhatsApp, ndipo chosintha chanzeru pa pikapu yatsopano yopita kumudzi tsopano ndi sefa yachiwiri ya dizilo yolekanitsa madzi, yoikidwa mafuta asanafike pa pampu. Ena amachita zakale zija mopanda chisoni. Injini ya kompyuta ikafa amaichotsa n'kukhazikamo ya pampu wamba yogula kwa ogulitsa zakufa, mwini wake n'kuvomera kutaya liwiro ndi mafuta kuti akhale ndi galimoto imene mnyamata wa pa Mtakataka angaitsegule. Olemba malamulo a utsi sangakondwe nazo, ndipo ali ndi chifukwa. Koma njira imeneyi ili ndi malire ake, chifukwa mainjini akale akutha. Mu 2023 Toyota inaika mu 70 Series injini ya 1GD ya masilinda 4, malita 2.8, ya turbo ndi kompyuta, ya mtundu umodzi ndi ya Hilux. Ma 1HZ amene akuyenda lero adzapezabe zipangizo kwa zaka zambiri popeza alipo ochuluka, koma ambulansi zimene zidzawalowe m'malo zidzafuna makina owerengera, magetsi odalirika ndi dizilo woyera pa Golomoti ndi pa Mtakataka pomwepo, pamene lero zambiri mwa zimenezi zikupezeka ku Lilongwe ndi ku Blantyre.